Chaka chino kapena chamawa? Kufunsiranso malo kusukulu ya udokotala utachokera ku ntchito ina

Kalata yokukana kusukulu ya udokotala imafika pa nthawi yovuta. Kupweteka kwake n'kodziwikiratu, koma chimene chimazunguza mutu kwenikweni ndi kalendala. M'mayiko ambiri yankho lomaliza limabwera khomo lofunsira malo la chaka chotsatira litatsala pang'ono kutseguka, moti usanaugwire n'komwe mtima, funso lina lakupeza kale: kodi nditumizenso pompano, kapena ndidikire chaka?

Ine ndagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka zambiri ndisanatsimikize mtima zolowa udokotala. Ndinafunsira malo, anandikana, ndipo funso limeneli ndakhala nalo usana ndi usiku. Ndikulembera anzanga amene ali pa njira ngati yangayi, aphunzitsi, mainjiniya, manesi, ogwira ntchito m'mabanki, anthu amene ali kale ndi digiri, malipiro a pamwezi ndi ena owadalira. Malangizo ambiri amene timawamva analembedwa poganizira mnyamata kapena mtsikana wa zaka 21 amene angotuluka kumene m'koleji. Ife nkhani yathu ndi ina, ndipo tiyenera kuiganizira mwa ifeyo.

Tiyambe ndi kalendalayo, chifukwa anthu ambiri amasankha mothamangitsidwa ndi masiku osazindikira kuti akuthamangitsidwa. Ku America mafomu ambiri amadzera ku AMCAS, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu ku masukulu a udokotala, yomwe imatsegula mu Meyi n'kuyamba kulandira mafomu chakumapeto kwa mwezi womwewo kapena kumayambiriro kwa Juni. Masukulu ambiri kumeneko amawerenga mafomu n'kumapereka malo mmene mafomuwo akufikira, choncho wotumiza mochedwa amapeza mipando itachepa. Pamene amene anamuika pa mndandanda wa odikira akhoza kukhala ali m'malere mpaka Julaye, khomo latsopano litatseguka kale. Ku United Kingdom fomu ya udokotala yodzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite, imatsekedwa pa 15 Okutobala, munthu saloledwa kusankha masukulu a udokotala oposa anayi, ndipo mayeso olowera otchedwa UCAT amalembedwa pakati pa Julaye ndi Seputembala. Zotsatira za mayesowa zimagwira ntchito chaka chomwecho chokha, ukafuna kufunsiranso umalembanso. Ndiye munthu amene wamva zoti wakanidwa cha mu Marichi kapena Epulo amangotsala ndi miyezi yowerengeka.

Kwa wophunzira amene alibe ntchito, miyezi itatu ndi nthawi yaitali. Kwa ife ogwira ntchito, miyezi itatu ndi maola awiri a usiku uliwonse, mutu utatopa kale, kuphatikizapo Loweruka ngati kunyumba kulibe china chofunika. Ukawerengera bwino maolawo umapeza kuti ndi masabata ochepa chabe a munthu wophunzira tsiku lonse. Kusiyana kumeneku ndi kumene ambiri mwa ife timakuiwala tikamadzilimbitsa mtima kuti tikonza zonse khomo lisanatseke.

Chimene chimatikankha kuti tifulumire ndi zaka. Palibe wosintha ntchito amene sawerengera zaka zake pa zala. Ku America sukulu ndi zaka zinayi, kenako maphunziro a pantchito a zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri kutengera nthambi imene wasankha. Ku United Kingdom ukamaliza sukulu pali zaka ziwiri zoyambira ntchito, ndipo amene akufuna kukhala dokotala woona matenda osiyanasiyana amawonjezera zitatu. Ukakhala ndi zaka 35 n'kuphatikiza zonsezi, mtima umagunda, ndipo chaka chimodzi chodikira chimaoneka ngati chuma chotayika. Mantha amenewa ndimawamvetsa chifukwa ndi anganso. Komabe tiyeni tiwerengere mpaka kumapeto. Wolowa sukulu ali ndi zaka 36 akhoza kuyamba kugwira ntchito payekha asanafike zaka 46, ndipo patsogolo pake pamakhalabe zaka pafupifupi 20 zothandiza odwala. Chaka chimodzi chimachotsako pang'ono pa zaka zimenezi. Koma kukanidwa kachiwiri ndi fomu yosasintha kumadyanso chaka chomwecho, n'kudya ndalama za mafomu ndi maulendo, n'kusiya munthu atafooka kuposa poyamba. Wofulumira ndi fomu yakale sanapulumutse chaka chilichonse.

Mfundo imene ndafikapo ndi iyi: nthawi yofunsiranso yakwana pamene mungathe kuloza pa pepala chimene chasintha, chimene munthu wosakudziwani angachione ndi maso ake.

Amene anandithandiza kuona zimenezi ndi adokotala ena achizimayi, achikulire ndithu, amene ndimawatsatira akamaona odwala masiku amene ndili pa tchuthi. Ndinawapempha kuti andiwerengere fomu yanga yakale pamodzi ndi imene ndinali nditayamba kulembanso. Anaziika pa tebulo moyandikana, n'kutenga cholembera chofiira. Anawerenga mwakachetechete, tsamba ili kenako tsamba ilo, akuchonga paliponse pamene fomu yatsopano inali ndi chinthu chimene yakale inalibe. Atamaliza ananditembenuzira mapepalawo. Zochonga zinali zochepa kwambiri, ndipo zonse zinali pa mawu amene ndinasintha mu nkhani yofotokoza za ine mwini. Magiredi anali omwewo, zotsatira za mayeso zomwezo, ondichitira umboni omwewo.

"Achimwene," anatero, "Chingelezi chakoma ndithu. Koma ine ndikanakhala mu komiti yosankha ophunzira, n'kukhala kuti ndinakukanani chaka chatha, mundiuze chimene chingandisinthe maganizo pano."

Ndinayamba kufotokoza kuti mtima wanga watsimikiza kwambiri kuposa kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Ine ndikukukhulupirirani chifukwa ndimakuonani mu wodi. Iwo aja sakuonani. Amaona pepala ili."

Masukulu ambiri amadziwa kuti munafunsirapo kale, ndipo ena amafunsa mosapita m'mbali kuti mwachitapo chiyani chichokereni nthawi ija. Funso limeneli si lokutcherani ndale. Dokotala amakhala moyo wake wonse akuuzidwa kuti apa sipanayende bwino, ndipo komiti imafuna kuona zimene munthu amachita akauzidwa zotero.

Ndiye chofunika choyamba n'kudziwa pamene munagwera, chifukwa malo ogwera ndi amene amanena kutalika kwa nthawi yodikira. Ngati sukulu ikulola kufunsa chifukwa chimene anakukanirani, funsani mwaulemu, pakuti safunsa anadya phula. Masukulu ena amayankha, ena sayankha. Akapanda kuyankha, njira imene fomu yanu inayenda imakuuzani zambiri.

Ngati palibe sukulu ngakhale imodzi imene inakuitanani ku intavyu, kawirikawiri vuto limakhala pa manambala, kutanthauza magiredi kapena mayeso olowera. Apa ndi pamene ife osintha ntchito timavutikira kwambiri, chifukwa tikunyamula magiredi amene tinapeza zaka khumi kapena kuposa zapitazo, nthawi imene udokotala sunali m'maganizo mwathu. Magiredi akale ndi ouma khosi. Pokhala munthu wa masamu, ndinakhala pansi n'kuwerengera. Tiyerekeze kuti digiri yanu inali ya makirediti 120 (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro) ndipo avereji yanu ndi 3.0 pa sikelo ya 4.0. Mukaphunzira chaka chathunthu, makirediti 30, n'kukhoza chilichonse ndi giredi yapamwamba, avereji imangofika pa 3.2. Ndipo AMCAS imawerengera magiredi onse, ngakhale a phunziro limene munalephera n'kulibwereza, sichotsa yakale ija. Choncho chimene mukumanga pobwerera m'kalasi ndi umboni watsopano woti munthu amene muli lero akhoza kukhoza kemisitiri, bayoloji ndi fizikisi pa mlingo wa yunivesite. Umboni wotere sutheka ndi phunziro limodzi. Pamafunika masemesita awiri kapena kuposa, ndipo magiredi ake ayenera kukhala atatuluka pofika tsiku lotumiza fomu. Kulemba kuti "ndikuphunzira panopa" kulibe mphamvu ngati giredi yolembedwa kale. Amene vuto lake lili apa, khomo la chaka chino si lake.

Mayeso olowera nawo ali ndi msampha wake. MCAT, mayeso olowera a ku America, imatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri ndi theka, ili ndi zigawo zinayi, ndipo malikisi ake amayambira pa 472 mpaka 528. Munthu amaloledwa kulemba katatu pa chaka, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, ndiponso kasanu ndi kawiri pa moyo wake wonse. Chofunika kwambiri kudziwa n'chakuti masukulu amaona zotsatira zonse, za ulendo uliwonse. Ukalembanso mothamanga n'kupeza malikisi omwewo kapena otsikirapo, wadzilembera wekha umboni woti pamenepo ndi pamene mphamvu zako zathera. Ine lamulo limene ndadziikira ndi loti sindilembetsa tsiku la mayeso mpaka mayeso oyeserera, olembedwa mu nthawi yake yeniyeni popanda kuimitsa wotchi, atayamba kundipatsa malikisi amene ndikufuna mobwerezabwereza.

Pali kugwa kwina kumene sikuoneka pa manambala, ndipo kumatikhudza ifeyo mwapadera. Komiti ikaona munthu wa zaka 30 kapena 40 amene akusiya ntchito yabwino, imafuna kudziwa ngati akuudziwa udokotala kapena akungothawa ntchito imene yamutopetsa. Ambiri mwa ife tinabwera chifukwa cha matenda a m'bale wathu, ndipo chifukwa chimenechi n'choona, sichopeputsa. Koma kudwazika mayi ako ndi kosiyana ndi kusamalira munthu amene sukumudziwa, amene sakuthokoza, mwinanso akukukalipira.

Nditayamba kuthandiza mongodzipereka mu wodi ya amuna, nesi wina anandiitana kuti timuthandize kutembenuza agogo ena amene anafa ziwalo mbali imodzi. Anandionetsa poika manja, dzanja lina paphewa, lina pachiuno, ndipo anandiuza kuti ndiziwauza agogowo chimene tikufuna kuchita tisanawagwire, ngakhale akuoneka ngati sakumva. Titawatembenuza tinapeza chilonda chapamsana chimene chimabwera munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali. Fungo lake linandifika pakhosi. Nesiyo sanakwinye nkhope ngakhale pang'ono. Anatsuka chilondacho, n'kumanga, akucheza ndi agogowo za adzukulu awo, kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti pakatha maola awiri tibwerenso tidzawatembenuzire mbali inayo. Tinabweranso. Sabata yotsatira tinachitanso chimodzimodzi. Ndi m'kubwerezabwereza kumeneku mmene ndinadziwira kuti ntchitoyi ndikuifunadi, ndipo tsopano ndikafunsidwa chifukwa chake ndili ndi chonena chimene ndinachiona ndekha.

Zoterezi sizithamangitsidwa. Munthu amene wadzaza maola ambiri m'mwezi umodzi khomo litatsala pang'ono kutseka amaonekeratu, ndipo amasiyana ndi amene wakhala akubwera Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu. Wachiwiriyu amapezanso china chimene woyamba sangachipeze, kalata ya umboni yochokera kwa munthu wa m'chipatala amene wamuona akugwira ntchito. Kalata ya bwana wa ku ofesi imanena kuti ndinu wokhulupirika ndi wolimbikira, ndipo n'zabwino. Koma bwanayo sanakuoneni muli pambali pa bedi la wodwala.

Tsopano ndinene mbali inayo, chifukwa sindikufuna kuti wina amve ngati ndikuti kudikira n'kwabwino nthawi zonse. Alipo amene ayenera kufunsiranso pompano. Ngati munaitanidwa ku intavyu m'masukulu angapo koma n'kugwera pomwepo, ndiye kuti mapepala anu anakwana, ndipo intavyu imakonzeka m'miyezi yochepa. Masukulu ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito njira ya MMI, imene inayambira pa yunivesite ya McMaster ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Munthu amadutsa m'zipinda zingapo, chilichonse mphindi zochepa, ndipo m'chipinda chilichonse muli wofunsa wina ndi nkhani ina. Ife amene tazolowera ma intavyu a ntchito timalowa m'menemo tikufuna kuonetsa zimene tinakwanitsa, pamene iwo akufuna kumva mmene timaganizira tikapatsidwa nkhani yovuta, monga wodwala amene akukana mankhwala kapena mnzathu amene wabera mayeso. Kuyeserera ndi munthu woona mtima, wotchi ili pa tebulo, kumasintha zambiri msanga.

Chimodzimodzinso amene anatumiza fomu mochedwa kumene malo amaperekedwa motsatira kufika kwa mafomu, kapena amene anasankha masukulu osagwirizana ndi mbiri yake. Masukulu sawerengera mofanana. Ena amatsamira kwambiri pa mayeso olowera, ena pa digiri, ndipo ena amafuna kuti maphunziro a sayansi akhale a zaka zaposachedwapa. Alipo mapulogalamu opangidwira anthu amene ali kale ndi digiri, monga a zaka zinayi amene anayamba ku United Kingdom m'chaka cha 2000, kapena GEMP ya pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, kumene osankhidwa amakalowera m'chaka chachitatu. Mpikisano wake ndi woopsa, koma kumeneko msinkhu wathu si wachilendo. Ngati vuto linali tsiku lotumizira kapena mndandanda wa masukulu, kusinthako kulipo kale m'manja mwanu, ndipo kudikira chaka sikungawonjezere kanthu.

Anzanga ondifunira zabwino amakonda kunditumizira nkhani ya Elizabeth Blackwell, amene anali mphunzitsi asanakhale dokotala. Masukulu ambiri anamukana mpaka Geneva Medical College ya ku New York inamulandira mu 1847, ndipo mu 1849 anakhala mkazi woyamba kulandira digiri ya udokotala ku America. Ndimamulemekeza kwambiri. Koma nkhani yake sindiitenga ngati malangizo a nthawi yofunsira, chifukwa iye ankakanidwa pokhala mkazi, chinthu chimene sichinali chilema choti akonze. Kwa iye kugogoda khomo lina linali yankho lolondola. Wokanidwa chifukwa cha kemisitiri wofooka akamagogoda makomo ambiri, onse amamuyankha chimodzimodzi. Ndi bwino kukumbukiranso kuti kukanidwa si chinthu chachilendo pa njira imeneyi. Ku America, m'zaka zaposachedwapa, ofunsira malo amapitirira 50,000 pa chaka pamene olowa amakhala pafupifupi 23,000. Oposa theka amabwerera, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu anzeru amene adzalowe ulendo wina.

Kudikira nako kuli ndi malire ake, ndipo kwa ife ngoziyi ndi yaikulu chifukwa tili ndi pobwerera. Malipiro akubwera, ntchito tikuidziwa, ndipo n'zosavuta kunena kuti chaka chamawa, kenako chaka chamawa china. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zinthu zimene munasonkhanitsa zimathanso mphamvu. Masukulu ambiri salandira zotsatira za MCAT zimene zapitirira zaka ziwiri kapena zitatu. Mphunzitsi amene anakulemberani kalata amayamba kukuiwalani, mwinanso amapuma pa ntchito. Ngakhale malamulo amasintha: mayeso olowera a BMAT, amene masukulu ena a ku United Kingdom ankagwiritsa ntchito, analembedwa komaliza mu 2023, ndipo amene ankawakonzekera anayenera kutembenukira ku mayeso ena. Choncho munthu akasankha kudikira, asankhe chaka chimodzi chokhala ndi tsiku lothera, ndipo mwezi uliwonse ukhale ndi ntchito yake yolembedwa.

Za ntchito, ine sindisiya kufikira nditagwira kalata yondilandira m'manja. Ndikudziwa ena amene anasiya kuti apeze nthawi yowerenga, ndipo sindiwaweruza, makamaka amene ayenera kubwereza maphunziro ambiri a sayansi. Koma chaka chodikira chili ndi phindu limodzi limene wophunzira wachinyamata alibe, ndilo malipiro a miyezi khumi ndi iwiri. Sukulu ya udokotala siisiya mpata wogwira ntchito ina yolozeka, makamaka zaka za m'mawodi zikayamba. Ndalama iliyonse yosungidwa panopa ndi ngongole imene sindidzatenga. Ndinapempha abwana anga kuti ndizichoka msanga masiku awiri pa sabata kuti ndizikafika m'kalasi yamadzulo, n'kumabweza maolawo m'mawa, ndipo anavomera.

Chovuta kwambiri chinali kukambirana ndi mayi akunyumba. Chaka chimene ndikuchiwerenga ngati changa ndi chawonso, ndiponso cha ana. Ndi iwo amene amatsala ndi zonse za pakhomo Loweruka ndikapita ku chipatala. Nditawafotokozera maganizo odikira, sanafunse ngati ndidzakhoze. Anafunsa kuti, "Nanga bambo, akadzakukananinso, tidzayesa mpaka liti?" Funso limeneli ndinali ndisanaliyankhepo ngakhale mumtima mwanga, ndipo ndikuona kuti aliyense wa ife ayenera kuliyankha mutu uli wozizira, kalata ina isanabwere. Tinagwirizana malire a maulendo ndi malire a ndalama zimene tingachotse pa zimene tasunga. Tinakambirananso njira zina zothandizira odwala zimene ndingatsate malirewo akadzakwana, ndipo ndinazilemba moona mtima, osati ngati mphoto ya wolephera.

Ndiye chaka chino sinditumiza. Vuto langa lili pa sayansi yakale ndi mayeso olowera, ndipo zonse ziwirizi sizingakonzeke m'miyezi imene yatsala. Ndalembetsa kemisitiri ndi bayoloji kwa masemesita awiri. Mayeso olowera ndidzalemba semesita yachiwiri ikatha, oyeserera akadzandilola. Mu wodi ndipitirizabe Loweruka lililonse, ndipo adokotala aja avomera kudzandilembera kalata ya umboni. Mndandanda wa masukulu ndikuupanganso, ndikuwerenga malamulo a sukulu iliyonse pa tsamba lake lenileni m'malo modalira zomva, ndipo ndachotsamo kale awiri amene salandira maphunziro a sayansi a m'kalasi zamadzulo. Magiredi, mayeso ndi kalata zikadzakhala m'manja pofika mwezi wotsegulira, fomu yanga idzapita sabata yoyamba.